Nkhukundembo Imaopa Maso

Ine zaka sindiwerenga. Mukandifunsa kuti kwathu ndinachoka liti, ndikuuzani kuti chimanga chinali m'mawondo, basi. Sukulu ndinalekera pomwe amaphunzitsa kulemba dzina, ndipo dzinalo pano lilibe ntchito. Zimene ndimadziwa ndi ziwiri: kunenerera pa msika, ndi nkhukundembo. Choyambacho ndinabadwa nacho. Chachiwiricho chinandiyendetsa misewu yambiri, koma ndikaikumbuka imasanduka umodzi: fumbi lofiira, mtengo wa mango pa mphambano, ine chitete pamutu.

Ndinachoka mwana wanga Tinenenji atangoleka kuyamwa. Bambo ake anapita kutali kukafuna ntchito, anakaipeza pamodzi ndi mkazi wina. Ndinamusiya mwanayo kwa akulu anga a Jenala, omwe analibe wawo, ndi amuna awo a Lufeyo, mkamwini wofatsa ngati madzi a mumtsuko.

"Ndibwera fodya akatha," ndinatero.

"Pita. Mwana ndi wa tonse," anatero achemwali.

Ine wodziwa mitengo ya zinthu, sindinazindikire kuti apo andiuza mtengo.

Malo oyamba anali esiteti, zigafa uku ndi uku, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Tsiku lina la msika ndinapeza bambo wina pansi pa mango atamanga nkhukundembo ziwiri, tambala ndi thadzi. Thadzilo linali ndi nthenga imodzi yoyera pa phiko lakumanzere. Ndinafunsa mtengo, anautchula.

"Mwaphatikizamo ndi njinga yanuyo?"

"Mayi, izi si nkhuku. Taonani chifuwacho."

"Ndachiona, n'champhepo. Kudzitukumula kukanakhala nyama, bwenzi amuna a kuno tikuwagulitsa pa sikelo."

Ndinachoka katatu, anandiitana katatu. Ndinazitenga pa theka la mtengo. Pondiikira m'chitete bamboyo ankaseka.

"Pano mwandipambana. Kunyumba zikakupambanani izi."

Nditangomasula zingwe, zonse ziwiri zinakakhala padenga la chigafa. Ndinaziitana, ayi. Ndinazitukwana, ayi. Masiku atatu ndinazithamangitsa m'mizere ya fodya, anthu akuwomba m'manja ngati ndi mpira. Nditazigwira ndinazimangirira ndi luzi pa nsanamira, gaga ndi madzi pafupi, ine chilili pamenepo manja m'chiuno kuti ndione zikudya. Ndinkaganiza kuti chinthu ukachigula ndiye kuti ndi chako. Sizinadye. Zinkangokoka luzi mpaka miyendo inatuluka magazi. Tambala anafa ali chimangire. Thadzi linadula luzi n'kulowa m'tchire, ndipo pa nsanamira panatsala mfundo yokha.

Fodya anatha, ine sindinabwerere. Ndikanabwerera ndi chiyani, mfundo?

Kenako ndinapezeka m'katauni ka chigayo. Sindikumbuka ndinakafikako bwanji. Ndikukumbuka phokoso la injini, ndi ufa m'nsidze za aliyense, moti tonse tinkaoneka okalamba. Ndinkasesa ndi kusonkhanitsa gaga, n'kumagulitsa kwa oweta. Mmodzi mwa ogula anali a Nagama, ophika thobwa. Tsiku limene ndinawanyamulira thumba kwao, ndinaona thadzi pabwalo, nthenga yoyera pa phiko lakumanzere.

"Iyi ndi yanga," ndinatero.

"Iyi inaswera pakhomo pano, mayi. Ufa wakulowani m'mutu?"

Kapena unalowadi. Koma linandiyang'ana ndi diso limodzi n'kuthawira kuseri, monga muja.

A Nagama ndiwo anandiphunzitsa za mazira. Anati nkhukundembo ndi mayi wosasamala: imaikira kutchire, ndipo anapiye akaswa imawayendetsa m'mame m'mamawa mpaka onse afe ndi kuzizira. Ndiye umaitsatira mwakachetechete, n'kutenga mazirawo, n'kuikira nkhuku yofungatira.

"Nkhukuyo sidziwa?"

"Imadabwa sabata yachinayi, poti ake amaswa yachitatu. Koma imakhalirabe. Nkhuku ili ndi mtima."

Ndinaona ndi maso anga. Kankhuku kofiira, kakang'ono, kakuyenda ndi anapiye asanu ndi awiri oposa iko kutalika, onse akulimbirana kulowa m'mapiko osakwanira. Thadzi lenileni likadutsa, anapiyewo ankabalalika ngati aona mphamba. Ndinaseka mpaka misozi.

"Zitsiru inu! Mayi wanu ndi uyo!"

"Mayi ndi amene wakufunditsa," anatero a Nagama, maso ali pa mphika wawo.

Kuseka kunathera pomwepo. M'mawa mwake ndinakwera galimoto ya kwathu.

Ndinanyamula diresi, sopo ndi shuga. Ndinapeza mwana wofika pa mtondo kutalika, atagwira nsonga ya chitenje cha achemwali.

"Pereka moni kwa amayi," anatero a Jenala.

Anagwada patali, maso pansi.

"Muli bwanji, amayi aang'ono?"

Kwathu mng'ono wa mayi ako ndiye amayi aang'ono. Ine ndinalidi mng'ono wa a Jenala. Mwanayo mwambo sanaulakwe, analakwa mimba yokha.

"Tinamuuza," anatero achemwali mwamanyazi, "koma lilime linazolowera."

Ndinamugwira pa mkono.

"Aang'ono ndani? Ndinakubereka ine! Masiku awiri ndikubuula m'nyumba iyi!"

Anandiluma pa chala, n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Ndinagwada pamenepo, ndikuona maso awiri okha mumdima, ndipo ndinayamba ntchito yomwe ndimaidziwa.

"Tuluka, ndikupatsa diresi. Diresi ndi shuga. Chabwino, ulendo wina ndi nsapato. Ukufunanso chiyani?"

"Alamu," anatero a Lufeyo chapansipansi, "apa si pa msika."

"Inu khalani chete! Mkamwini salankhula pa mbumba ya eni!"

Anawerama n'kukatenga khasu lawo. Ndinakhala masiku atatu. Pochoka, diresi linali pakhonde chipindire.

Ndinabwereranso, sindidziwa kangati. Ulendo uliwonse unali womwewo, kungosintha pobisala. Poyamba pansi pa nkhokwe. Kenako mu mtengo wa gwafa. Kenako, atasinkhukirapo, ankangoti wapita kuchitsime, ndipo chitsimecho chinkatalika malinga ndi masiku amene ine ndakhala. Mphatso zinkakula: nsapato, bulangete, ambulera. Moni sunasinthe. Amayi aang'ono. Ndikaumva ndinkakweza mawu, ndikakweza mawu iye ankatalikira, ine n'kubwerera ku msewu wanga ndi ukali wanga pamutu.

Malo ena anali a mapiri, kumene nkhungu imalowa m'nyumba ngati mwini wake. Ndinafikako ndi nkhukundembo zisanu ndi imodzi zochokera ku mazira a a Nagama, zonse zamantha ngati agwape. Zinkagona mu mtengo, n'kumadya ine ndikachoka. Imodzi inakula ndi nthenga yoyera pa phiko lakumanzere. Sindinadabwenso.

Pafupi panali bambo wina, a Kamtedza, okhoma zidebe. Miyendo yawo inapuwala kalekale, ndiye ankakhala pa chikopa cha mbuzi tsiku lonse, nyundo ndi malata. Tsiku lina ndikubwera ku msika ndinaima kukamwa yasa. Nkhukundembo zanga zomwe zija zinali zitawazungulira, zikutola chimanga pakati pa misomali, imodzi itatsamira pa nthiti zawo. Nyundo ikulira, izo osasuntha.

"Mankhwala ake n'chiyani? Nenani mtengo."

Ndisanamalize, zonse zinali mu mtengo.

"Sagulitsa," anatero a Kamtedza.

"Palibe chosagulitsa, bambo."

"Ndiye perekani msana."

"Ine ndine mayi waulemu wanga!"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Osati kwa ine, mayi. Ine ndikatani nawo? Kwa izo."

Anandiuza kuti nkhukundembo imaopa maso. Chilichonse chimene chimaidya, galu, vumbwe, munthu wa mpeni, chimayamba n'kuiyang'anitsitsa.

"Tsono maso anuwo, pepani, ndi a munthu woti wangoberedwa kumene. Ine zinandizolowera chifukwa sindingazithamangitse, ndipo maso anga amakhala pa chidebe. Inunso khalani pansi. Zipatseni msana. Manja akhale ndi ntchito ina. Gaga muziwaza kumbuyo, osayang'ana. Malo omwewo, nthawi yomweyo, chitenje chomwecho. Mukamva mlomo ukugogoda pansi, musatembenuke."

"Masiku angati?"

"Masikuwo zimawerenga ndi izo."

Ine kukhala pansi osachita kanthu ndi matenda. Komabe ndinakhala, ndikuswa mtedza m'lichero. Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachinayi ndinamva kumbuyo: go, go, go. Thupi linatembenuka lokha, dzanja n'kugwira mchira. Ndinatsala ndi nthenga ziwiri.

"Mwagula nthenga," anakuwa a Kamtedza. "Yambiraninso."

Ndinayambiranso. Ndinatembenukanso. Kachitatu ndinaika kamwala m'kamwa kuti ndisatukwane, ndipo khosi ndinaliumitsa ngati musi. Mvula inabwera n'kupita. Ndipo m'mawa wina ndinamva kanthu kakukoka ulusi wa chitenje changa, kenako kutentha kwa thupi la mbalame pa msana. Ndinakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinalira pang'ono, mosagwedeza mapewa. A Kamtedza anangopitiriza kukhoma.

Uthenga unandipeza kumapiri komweko. A Jenala anadwala masiku ochepa. Ndinafika atawaika kale, anthu akumeta. Chitete cha nkhukundembo chinali pamutu, poti ndikanazisiyira ndani.

Tinenenji anali atandipitirira phewa. Mutu wometa, maso otupa. Anagwada patali.

"Mwafika, amayi aang'ono."

Ndinayankha kuti ndafika.

Madzulo ake mlongo wathu, mwini mbumba, anandiitanira pambali. Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna wake amakhalabe mpaka akolole zimene analima limodzi, kenako timamusudzula abwerere kwao. Ana amatsala, poti ndi a mbumba ya mayi.

"Vuto ndi ili," anatero mlongo wanga. "Mwanayu wanena kuti a Lufeyo akamapita, apita nawo. Akuti ndiwo ababa ake. Mwambo uli kwa iwe. Ukanena, timukaniza, ndipo sapita."

Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti mukanizeni. Ndiye ndinaona mfundo ya luzi ija pa nsanamira.

"Musamumange," ndinatero.

"Iwe? Wadwala?"

"Ndati musamumange. Chimanga chiuma liti?"

"Miyezi iwiri, kapena itatu."

Ndinalowa m'kanyumba kophikira ka achemwali n'kuyala mphasa. Nkhukundembo nditazitulutsa pabwalo lachilendo zinayambiranso misala, zonse mu mtengo wa gwafa uja. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakhala pafupi ndi mtondo, chitenje chomwecho, lichero la mtedza pamiyendo, msana ku gwafa. Nyumba imene munkagona Tinenenji inalinso mbali yomweyo. Anthu ankati ndikuweta mbalame. Sindinawatsutse.

Mwanayo sindinamuitane. Sindinamupatse mphatso. Ankaphika ndiwo zamchere ngati wagwetseramo paketi yonse, ine n'kudya osanena kanthu, ine amene ndinabwezapo nsomba kwa wogulitsa nditaiwotcha kale. Lilime linkandiyabwa mpaka m'makutu. Kumbuyo ndinkawaza gaga, ndipo pambali pake ndinkasiya kadengu ka mtedza wosaswa. Osati mphatso. Ntchito.

Masiku ambiri kadenguko ndinkakapeza momwe ndakasiyira. Tsiku lina ndinakapeza mtedza uli woswa, makoko ataunjikidwa bwino pambali.

Kenako mawu a Tinenenji anabwera, ochokera patali, cha pakhonde.

"Bwanji simuziyang'ana?"

"Zimaopa maso."

"Zimaluma?"

"Ukazipanikiza. Monga wina wake pansi pa nkhokwe."

Ndinamva kakuseka kotulukira m'mphuno, kofanana ndi ka achemwali. Ndinatembenuka. Ndinalakwa. Ndinangoona chidebe chikuzimirira njira ya kuchitsime. Ndinadzimenya pa ntchafu, ndipo m'makutu ndinamva a Kamtedza akuti mwagula nthenga.

Ndinayambiranso.

A Lufeyo ndinawapeza kumunda tsiku lina akuyesa chimanga ndi chikhadabo.

"Alamu, mawu aja," ndinatero.

"Ati?"

"Mukuwadziwa. Onena za mkamwini aja."

"Aa, amene aja anadyedwa ndi chiswe kalekale."

"Mwanayu mwamulera bwino. Mchere wokha."

Anaseka, kenako anapukuta maso ndi chipewa.

"Mchere ndi wa akulu anu umenewo. Ine ndinaudya zaka zonsezi. Alamu, ndikuuzeni. Sindimuitana, komanso sindimukaniza. Akanditsatira, sindingamugende ngati galu."

"Sindinakupempheni."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndanena."

Chimanga chinayamba kuwerama. Nkhukundembo zisanu zinali zitabwerera ku msana wanga. Ya nthenga yoyera yokha ndiyo inakana. Pabwalo limeneli sinandiyandikire ngakhale kamodzi, ndipo kenako inayamba kusowa m'mawa. Anapeza chisa chake ndi Tinenenji, m'udzu wa kudambo. Anabweretsa mazira asanu ndi anayi m'chitenje, ndipo ndinamva akuwaika pansi limodzilimodzi kumbuyo kwanga, pafupi kuposa masiku onse.

"Ababa akuti mumaikira nkhuku."

"Eya."

"Akaswa adzamudziwa mayi wawo?"

"Sadzamudziwa."

"Nanga mumachitiranji?"

Maso anga anali pa lichero.

"Kuti asafe ndi mame," ndinatero. "Mayi wake alibe pouma powasunga."

Anakhala pamenepo kanthawi, ndikumva mpweya wake. Kenako anatola mazira aja n'kupita nawo ku khola, ndipo ndinamva nkhuku ikudandaula.

Tinakolola. Nkhokwe inadzaza. Tsiku losudzula linafika monga amafikira masiku otere, dzuwa labwinobwino. Akuluakulu a mbali zonse analankhula zawo pabwalo, kuthokoza a Lufeyo kuti anakhala nafe bwino, ndi kuwauza kuti njira yatseguka. Iwo anamanga khasu, mphasa ndi kathumba ka ufa pa njinga. Pakhonde panali mtolo wina waung'ono, womangidwa m'chitenje cha a Jenala. Ndinauona kamodzi. Mlongo wanga anandiyang'ana, nsidze zikufunsa kuti ndinene mawu amodzi okha. Ndinatenga lichero langa n'kukakhala pa mtondo.

"Alamu, tsalani," anatero a Lufeyo kumsana kwanga.

"Pitani bwino. Kwanu mukadye zopanda mchere."

Ndinamva tcheni cha njinga, akuikankha. Ndinamva mapazi a nsapato, ndi ena opanda nsapato pambuyo pake. Anadutsa pa nkhokwe, anadutsa pa gwafa, anatsikira njira ya kumtsinje. Khosi langa linkakokedwa ngati pali chingwe. Ndikanangotembenuka. Ndikanangokuwa dzina limene ndinamupatsa ine ndemwe. Ndikanathamanga, miyendo ndinali nayo, ndipo mwambo wonse ukanathamanga nane limodzi.

Ndinatapa gaga n'kuwaza kumbuyo.

Anthu anabalalika. Mthunzi unandichoka, dzuwa linandikwera pamutu. Mtedza unatha, ndinayamba kuswanso makoko. Misewu yonse ija inadutsa pamaso panga umodzi umodzi, fumbi lofiira, mango pa mphambano, ndipo ndinaganiza kuti mawa ndimanga chitete. Zisanu zija zinadya n'kupita kumthunzi. Pabwalo panatsala ine ndi mtondo.

Ndiye ndinamva: go. Patapita kanthawi: go, go. Mlomo umodzi wokha, wochenjera, wotola kamodzi n'kudikira.

Ndipo kuseri kwa mlomowo, mapazi opanda nsapato, oponda pang'onopang'ono. Chinthu chofewa chinaikidwa pansi. Munthu anakhala. Msana wake unakhudza wanga, wotentha, wa thukuta la ulendo wa kumtsinje n'kubwerera.

"Amayi," ananong'ona, "musatembenuke. Ya nthenga yoyera ija ikudya."

Ndinadikira mawu enawo, oti aang'ono, monga umadikirira wogulitsa kuti amalize kutchula mtengo. Sanabwere. Kapena anawameza poopa kuopsa mbalame. Kapena anawasiya kumtsinje. Sindinafunse tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinafunse. Moyo wanga wonse, chinthu chimene ndinalandira osanenerera ndi chimenechi.

Ndinatenga kadengu ka mtedza wosaswa n'kukakankhira kumbuyo, maso ali kutsogolo. Dzanja linakalandira.